Sitima Zikudutsa pa Nkaya: Kodi Ife a Kunyanja Tikupindulapo Chiyani?

Aliyense amene amakhala m'midzi ya pakati pa Nkaya ndi Nayuchi, kapena amene adaimapo pafupi ndi mlatho wa njanji ku Liwonde, amaidziwa bwino sitima ya malasha. Imamveka ikadali kutali, nthaka n'kuyamba kunjenjemera, kenaka mabogi oposa 100 n'kumadutsa motsatana mpaka wowerenga kutopa. Sitimayi imanyamuka ku Moatize m'chigawo cha Tete, imalowa m'dziko lino cha ku Chikwawa, imadzera ku Mwanza ndi ku Neno, imafika pa Nkaya m'boma la Balaka, imawoloka mtsinje wa Shire, ndipo imatulukira pa Nayuchi kulunjika ku doko la Nacala. Malashawo ndi a eni ake, ndipo akupita kutsidya la nyanja ya mchere. Chathu ndi nthaka imene njanjiyo yagonapo.

M'zaka zaposachedwapa nkhani ya njanji yabwereranso pakamwa pa akuluakulu a boma. Mu Okutobala 2023 atsogoleri a panthawiyo a mayiko atatu, a Lazarus Chakwera a Malawi, a Filipe Nyusi a Mozambique ndi a Hakainde Hichilema a Zambia, adakumana ku Nacala n'kusainirana pangano lolimbikitsa njira imeneyi. M'chaka cha 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto kuchokera ku Nacala idafika ku Lilongwe patatha zaka zoposa 20 mafuta asakufikako panjanji, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho ina yochokera ku Beira idafika pa Marka m'boma la Nsanje patatha zaka pafupifupi 40. Anthu adavina, ndipo kuvinako kudali ndi chifukwa, pakuti tonse tikuidziwa mizere ya pamalo omwetsera mafuta komanso kukwera kwa mtengo wa feteleza.

Komabe ife a m'maboma a Mangochi, Balaka ndi Machinga tili ndi funso lathulathu. Mphambano yaikulu ya njanji za dziko lino ili pakhomo pathu, pa Nkaya, pamene pamakumana njira zinayi: ya ku Limbe, ya ku Salima ndi Lilongwe, ya ku Nacala, ndi ya ku Moatize. Nanga n'chifukwa chiyani mlimi wa nandolo wa ku Ulongwe, msodzi wa ku Malembo ndi mayi wogulitsa mpunga wa ku Nayuchi sakuona kusintha kwenikweni m'thumba mwawo? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kucheukira m'mbuyo, popeza funsoli silidayambe lero.

Masiku amene Mangochi adali khomo la kunyanja

Njanji isanabwere, msewu waukulu wa dziko lino udali madzi. Mudzi wa mfumu Mponda, pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja, udali pamphambano ya maulendo a malonda. Amalonda achiyao ankawolokera pamenepa ndi minyanga ya njovu komanso akapolo, kulunjika kum'mawa, ku magombe a Kilwa, Quelimane ndi chilumba cha Mozambique. M'chaka cha 1875 sitima ya pamadzi yoyamba, Ilala ya amishoni a Livingstonia, idadutsa pomwepa polowa m'nyanja. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene adafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchokapo mu 1891, adatsata njira yomweyi. Mu 1891 momwemo atsamunda adamanga linga lawo n'kulitcha Fort Johnston, dzina limene tauni ya Mangochi idakhala nalo mpaka dziko litalandira ufulu.

Katundu wochokera ku Ulaya ankatsitsidwa ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, n'kukwezedwa m'masitima ang'onoang'ono okwera ndi Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga. Kuchokera pamenepo mathithi ankatseka njira, motero amtengatenga ankasenza katunduyo pamutu kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, pamene ankakweranso sitima yodutsa m'nyanja ya Malombe kufika ku Fort Johnston. Zitsulo za sitima ya Chauncy Maples ya mpingo wa Anglican zidayenda chonchi, ndipo idalumikizidwa kwa Mponda n'kuyamba ntchito mu 1901. Aliyense wopita ku Nkhotakota, Likoma kapena Karonga ankadzera pakhomo pathu.

Koma madzi a Shire adayamba kuchepa chaka ndi chaka, ndipo azungu a minda ya khofi, fodya ndi thonje ankadandaula kuti amtengatenga akuwalanda antchito. Apa mpamene padabadwira njanji yoyamba ya kampani ya Shire Highlands Railway, yamakilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, kufika ku Blantyre. Sitima yoyamba idalowa mu Blantyre mu 1908, chaka chimene ansembe a Montfort adatsegula mishoni ya Utale. Mu 1914 njanji idatsikira ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1922 kampani ya Trans-Zambezia Railway idalumikiza tsidya linalo la mtsinjewo ndi Beira. Pakati padatsala Zambezi, amene anthu ndi katundu ankawoloka pa sitima ya pamadzi, madzi akalola.

Mlatho wokongola, ngongole yolemera

Mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, udatsegulidwa mu 1935. Ndi wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo panthawiyo udali m'gulu la milatho ya njanji yaitali koposa pa dziko lonse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail, amene adaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi, adaonetsa m'zolemba zake za 1975 kuti njanji zimenezi zidasaukitsa Nyasaland m'malo moilemeretsa. Boma la Nyasaland lidakakamizidwa kuimira ngongole ya njanji ya Trans-Zambezia ngakhale kuti njanji yonseyo idali m'dziko la Apwitikizi. Mlatho nawo udamangidwa pa nthawi imene mafakitale a zitsulo a ku Britain ankasowa ogula, ndiponso pamene anthu andalama monga Libert Oury wa ku Belgium, amene adali ndi dzanja pa doko la Beira, ankayang'ana malasha a ku Moatize.

Ngongoleyo inkabwezedwa ndi ndalama za boma, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lidali msonkho wa nyumba umene makolo athu ankapereka. Ndalama zimene zikadamanga sukulu, zipatala ndi misewu zinkapita ku chiwongoladzanja. Pofuna kupeza phindu pa katundu wochepa, eni njanji adaika mitengo yokwera kwambiri kuposa ya njanji za ku Rhodesia, kotero kuti mbewu zodula zokha monga fodya, tiyi ndi thonje ndi zimene zinkakwanitsa kukwera sitima. Chimanga ndi mbewu zina za mlimi wamba zikadathera phindu lonse panjira. Tisunge dzina la Moatize m'mutu, chifukwa tikumana nalonso.

Chaka cha 1935: njanji itilambalala

Kuyambira pachiyambi cholinga chidali chakuti njanji idzafike kunyanja, ndipo mwa malo amene ankaganiziridwa mudali gombe la kum'mwera, kufupi ndi Fort Johnston. Nkhondo yaikulu ya 1914 idaimitsa zonse. Pamene nkhaniyi inkadzukanso, zinthu zidali zitasintha. Kuyambira cha m'ma 1915 madzi a m'nyanja adatsika kwambiri, mchenga ndi udzu n'kutseka pamene Shire amatulukira, mwakuti masitima akuluakulu sankafikanso pa tauni. Komanso fodya wa alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa adali atayamba kubweretsa ndalama zambiri, ndipo maso a boma adali kumeneko. Kampani ya Nyasaland Railways, yokhazikitsidwa mu 1930, idamanga njanji kuchokera ku Blantyre, kuwoloka Shire, kudzera pa Balaka, Golomoti ndi Mtakataka, kukhudza nyanja pa Chipoka, n'kukathera ku Salima mu 1935. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo nyanja idadzazanso ndipo Shire adayambiranso kuyenda, koma zitsulo zidali zitagona kale kwina.

Chigamulo chimenechi chidasintha mapu a dera lathu mpaka lero. Balaka, amene adali malo wamba, adakula chifukwa cha siteshoni: kudabwera masitolo a amwenye, misika ya thonje ndi nyumba za antchito a njanji. Chipoka adasanduka doko lolumikiza sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. Kampani ya njanji idatenganso ntchito ya masitima a panyanja, ndipo likulu lawo lidakhazikika ku Monkey Bay, kumene kuli gombe lobisika ku mwera. Sitima ya Vipya, imene idamira mu Julaye 1946 n'kupha anthu 145, idali ya kampani imeneyi. Ilala yachiwiri, yomangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa panjanji kuchokera ku Beira, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Fort Johnston adatsala ndi maofesi a boma, msika ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria.

Sitinganene kuti njanjiyo idalibe ntchito kwa makolo athu. Ambiri mwa amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni adakwera sitima imeneyi, ena n'kubwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena n'kusanduka machona. Koma taonani chimene njanjiyo inkatulutsa kwathu kuno: anthu amphamvu zawo. Nsomba zathu, chambo ndi utaka, zinkapita ku Limbe, ku Thyolo ndi ku Mulanje panjinga ndi pamalole.

Kubadwa kwa mphambano ya Nkaya

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda adafuna njira yachiwiri yotulukira kunyanja ya mchere. Doko la Beira ndi losaya ndipo limafuna kukumbidwa kawirikawiri, pamene la Nacala ndi lakuya mwachilengedwe ndipo masitima akuluakulu amakocheza popanda vuto. Apwitikizi adali atafikitsa kale njanji yawo ku Cuamba, amene ankamutcha Nova Freixo. Ndalama zomangira mbali yathu zidachokera ku ngongole ya dziko la South Africa, limene Malawi adapalana nalo ubale mu 1967 pamene mayiko ena a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho. Mu 1970 njanji yamakilomita 101 idatsegulidwa kuchokera pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudzera pa Namanja, kudutsa pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, mpaka pa Nayuchi. Siteshoni ya tsidya linalo imatchedwa Entre Lagos, kutanthauza kuti pakati pa nyanja.

Tingati malonda adabwerera ku njira yakale ya kum'mawa, popeza Nacala ali pafupi ndi chilumba cha Mozambique kumene amalonda achiyao ankafika wapansi. Liwonde, amene adali atalandira kale damu la Kamuzu Barrage mu 1965, adayamba kutchulidwa ngati tauni ya m'tsogolo ya mafakitale. Ndi thandizo la dziko la Canada njanji idapitirira kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Kagawo kotsala kofika ku Chipata m'dziko la Zambia kadadikira mpaka 2010. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko lino ankayenda panjanji kudzera ku Beira ndi ku Nacala.

Nkhondo, madzi osefukira ndi kugulitsa

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idadula njira zonse ziwiri. Njanji ya ku Beira idaleka kuyenda cha m'ma 1983, ya ku Nacala mu 1984, ndipo mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa mu 1986. Katundu adayamba kuyenda pamalole ulendo wa makilomita oposa 2,000 kupita ku Durban, pamene Nacala ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre. Mtengo wa ulendo wautaliwo udalowa mu sopo, mchere, palafini ndi feteleza. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sadabwerere amoyo. Nthawi yomweyo abale athu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni adalowa m'dziko lino, ena mwa iwo kudzera m'malire a Mangochi ndi Machinga.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio, koma malole adali atazolowera kale katundu, ndipo njanji idali itatha mphamvu. Mu 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pa Chiromo, n'kudula Bangula ndi Nsanje. Mu Disembala 1999, potsatira ndondomeko yopereka makampani a boma m'manja mwa anthu wamba, ntchito za Malawi Railways zidaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways. Pa njala ya 2002 chimanga chothandizira anthu chinkayenda pang'onopang'ono chifukwa kagawo ka makilomita 77 ka pakati pa Cuamba ndi Entre Lagos kadali koonongeka. Mu Januwale 2003 mvula ya namondwe wa Delfina idagwetsa mlatho wa Rivirivi pafupi ndi Balaka, ndipo chigawo chapakati chidakhala chopanda sitima yochokera kum'mwera mpaka 2005.

Malasha a ku Moatize abweranso

Amene adadzutsa njanji ya Nkaya ndi malasha omwe aja a ku Moatize. Kampani ya migodi ya ku Brazil, Vale, idaona kuti njira yachidule yopita ku doko lakuya ndi yodutsa m'Malawi. Idasainirana pangano ndi boma kumapeto kwa 2011, idamanga njanji yatsopano yamakilomita oposa 130 kuchokera m'malire a Chikwawa kufika pa Nkaya, ndipo idakonzanso yakale ya Nkaya mpaka Nayuchi. Njira yonse kuchokera ku Moatize kufika ku Nacala-a-Velha ndi makilomita 912, ndipo idatsegulidwa mwamwambo mu Meyi 2017. Idakonzedwa kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka, ndi matani 4 miliyoni a katundu wina. Kenaka Vale idaganiza zosiya malonda a malasha, ndipo mu 2022 idamaliza kugulitsa mgodi pamodzi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, pa mtengo wa madola 270 miliyoni.

Tivomereze poyera kuti pali kusiyana ndi 1935. Ulendo uno njanji idamangidwa ndi ndalama za kampani ndi za mabanki amene adaikongoza, boma limalandira ndalama za pangano, ndipo dziko lapeza njanji yolimba kuposa ina iliyonse imene lidakhalapo nayo. Achinyamata ambiri a ku Balaka, Neno ndi Machinga adapeza ganyu pa nthawi yomanga. Komabe kufanana kulipo, ndipo n'koonekeratu. Njanji ya 1908 idamangidwira eni minda a ku Shire Highlands, mlatho wa 1935 udathandiza Beira ndi mafakitale a ku Britain, ya 1970 idagwirizana ndi zofuna za Apwitikizi ndi South Africa, ndipo ya masiku ano idamangidwira malasha. Palibe mwa zimenezi imene idayamba ndi funso lakuti mlimi wa kuno akufuna chiyani. Phindu limene iye adapeza lidali la m'mbali chabe.

Mafunso oyenera kufunsa tsopano

Loyamba ndi la tsogolo la malasha. Mayiko ambiri akuchepetsa kugwiritsa ntchito malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kumene ife tidakulawa kale pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Malasha ena a ku Moatize ndi opangira zitsulo, ndipo msika wake ungakhalepobe kwa zaka zingapo, koma mgodi uliwonse umatha. Njanji imadya ndalama tsiku ndi tsiku: miyala, milatho, ngalande ndi mainjini. Tsiku limene malasha adzachepe, ndani adzalipira zimenezi ngati katundu wathu adzakhala asadazolowere kukwera? Tidaona kale ku Chiromo mmene njanji yopanda katundu wokwanira imagonera zaka makumi itaduka malo amodzi. Nthawi yodzaza matani 4 miliyoni aja ndi ino, pamene malasha akulipirabe kukonza njira.

Lachiwiri ndi la malo okwezera katundu. Sitima siima pakhomo pa munthu ngati matola. Mlimi wa matumba khumi a nandolo sangabwereke bogi, ndipo n'chifukwa chake amagulitsa kwa venda pa mtengo wolira, vendayo n'kukagulitsa kwa amalonda akuluakulu a ku Limbe amene amatumiza ku India. Katundu wa ku Balaka ndi Machinga amayamba wapita ku Blantyre pamsewu, kenaka n'kubwerera kudzadutsa pakhomo pa mwini wake. Nkhani ya doko la pamtunda ku Liwonde yakambidwa kwa zaka zambiri. Msewu wamakilomita pafupifupi 75 wa Liwonde mpaka Mangochi udakonzedwa ndi ngongole ya African Development Bank, choncho mbali ya msewu ilipo. Chofunika ndi nkhokwe, sikelo yachilungamo, ofesi ya kasitomu ndi mitengo yodziwika yoti makopaletivi a alimi athe kuifikira, kutinso feteleza wochokera ku Nacala azitsikira pafupi ndi minda.

Lachitatu ndi limene ambiri amafunsa: kodi tisapemphe njanji yofika pa Mangochi penipeni? Apa tiyenera kulankhula mosanyengerera. Kumanga njanji kumafuna ndalama zochuluka zedi, ndipo imabweza ndalamazo pokhapokha pali katundu wolemera woyenda tsiku lililonse. Usipa, alendo okaona nyanja ndi mbewu za pachaka sizingakwanitse zimenezi pakadali pano, ndipo mbiri ya 1935 yatiphunzitsa mapeto a njanji ya ngongole. Wandale wolonjeza sitima pa Mangochi tizimufunsa kuti idzanyamula chiyani ndipo adzalipira ndani. Chotheka msanga ndi kudzutsa mgwirizano wakale wa nyanja ndi njanji: Monkey Bay, Makanjira ndi Chipoka pamadzi, Golomoti ndi Liwonde pamsewu. Tisaiwalenso kuti abale athu a ku Namwera ndi Katuli ali ndi njanji ina pafupi, ya Cuamba mpaka Lichinga, imene idakonzedwanso mu 2016 ndipo imadutsa pa Mitande m'boma la Mandimba, kuseri kwa chipata cha Chiponde.

Lachinayi ndi la migodi yathu. Pa phiri la Kangankunde m'boma la Balaka pali miyala yosowa imene kampani ya Lindian Resources ya ku Australia ili ndi chilolezo chokumba, ndipo ku Makanjira kuli mchenga wokhala ndi miyala ya mtengo wapatali. Katundu wotereyu ndiye amene amabweretsa misewu, madoko ndi nthambi za njanji. Mapangano ake akamalembedwa mpamene tiyenera kufunsa ngati njirazo zidzaloledwa kunyamulanso mbewu ndi anthu, ngati midzi yosamutsidwa idzalandira chipukutamisozi cholembedwa bwino, ndiponso ngati khonsolo ya boma idzaona gawo la ndalamazo. Madzi akatayika saoleka. Pangano la zaka makumi atatu likasainidwa, mwana wobadwa lero adzalipeza ali bambo.

Lachisanu ndi la sitima ya anthu. Akuluakulu akukumbukira nthawi imene pa siteshoni ya Balaka pankadzaza amayi ogulitsa nthochi, mbatata yophika ndi mandasi sitima ikafika. M'zaka za m'ma 2010 sitima ya anthu ya pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi inkayenda masiku owerengeka pa sabata. Kwa midzi ya ku Namanja ndi Nayuchi, kumene misewu imavuta m'dzinja, sitimayi ndiyo ulendo wotsika mtengo wopita ku chipatala ndi ku msika. Kulikonse pa dziko lapansi sitima ya anthu a kumidzi siibweretsa phindu lalikulu, ndipo imayenda pokhapokha pangano la boma ndi kampani likuikakamiza. Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo ali ndi mphamvu yoitanitsa mapanganowa ndi kutiuza zimene adalembamo: masiku angati, masiteshoni ati, mtengo wotani.

Mbali yathu

Walira mvula walira matope. Njanji yolimba yabwera ndi sitima zolemera zimene sizingaime msanga ngakhale woyendetsa ataona munthu patsogolo. Ana amene amawoloka njanji popita kusukulu, abusa a ng'ombe ndi mbuzi, a kabaza, ndi ena amene amayenda pakati pa zitsulo atatseka makutu ndi nyimbo za pafoni, onsewa ndi anthu a m'miphakati mwathu. Tili ndi ufulu wopempha malo owolokera okwanira, zikwangwani ndi alonda pamene njanji yadula njira ya kusukulu, kuchigayo kapena kumjigo. Tilinso ndi udindo wophunzitsa ana athu, ndipo mphunzitsi wa katekisimu amene amakumana nawo sabata iliyonse angapulumutse moyo ndi mawu a mphindi ziwiri.

Pali china chimene sitiyenera kubisa. Kuba zitsulo ndi mabawuti a njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, kutapa miyala ya pansi pa njanji, kukumba mchenga pafupi ndi milatho ndi kulima mpaka m'mphepete mwa zitsulo, zonsezi zimachitika m'midzi mwathu, ndipo ochita timawadziwa. Bawuti imodzi yogulitsidwa pa mtengo wa sopo ingagwetse sitima yonyamula anthu kapena mafuta. Makala amene tikuwotcha m'mapiri a kumtunda kwa Rivirivi ndiwo amatumiza madzi aukali kumilatho. Sitingadzudzule kampani ndi boma ndi pakamwa pomwe tikutetezera wakuba wa pakhomo pathu.

Mutu umodzi susenza denga. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi a m'mbali mwa njanji, pamodzi ndi mafumu, abale athu achisilamu ndi a mipingo ina, angathe kulemba zimene akuona: malo a ngozi, mabanja amene nkhani zawo za chipukutamisozi sizidathe, ndi kuchuluka kwa nandolo, thonje ndi mpunga umene dera lililonse limakolola. Zolembedwa zotere zimalemera pa msonkhano wa khonsolo kuposa madandaulo a pakamwa. Magulu a alimi amene CADECOM ndi mabungwe ena adawathandiza kuyamba angagwirizane kuti katundu wawo akwane bogi imodzi, kenaka ziwiri. Mu 1935 makolo athu sadafunsidwe kumene njanji idutse, ndipo adalipira ngongole yake mwa msonkho. Ife tili ndi makhansala, aphungu, mawayilesi a m'madera ndi lamulo la 2017 lotipatsa ufulu wopempha uthenga m'maofesi a boma. Mapangano a Kangankunde, Makanjira, Liwonde ndi Chipoka ndi a m'badwo wathu, ndipo tiyenera kupempha kuwaona asanasainidwe kapena kuwonjezeredwa.